Kobiri Lobenthuka la Kondakitala

Lolemba, 3 Juni

Mawotchi awiri okha lero. Batire, lamba. Masana wabwera kondakitala wa basi yodutsa pano uja, thukuta kamukamu, kobiri m'manja, walipeza m'ndalama za okwera. Lobenthuka mbali imodzi ngati bisiketi yolumako. Amadziwa kuti ndimasonkhanitsa makobiri olakwika pochokera ku fakitale, komanso kuti ena amagulidwa modula. Tsoka lake wandipeza ndili ndi adokotala a mano, wotchi yawo yagolide ili patebulo. Iye manja biii ndi girisi, n'kutsamira pagalasi langa. Ndachita naye manyazi, ndilembe zoona. Kagalasi ka m'diso sindinavale n'komwe. Ndangoti, "Wina anadula ndi sizasi ya malata, achimwene. Zotaya izi." Ndalijambula pafoni kuti ndikaonetse ku kalabu yathu ya osonkhanitsa makobiri ngati chitsanzo cha zabodza. Iye kuseka: "Basi madala, mayi a kunyumba adikirabe makina osokera."

Loweruka, 8 Juni

Kalabu, chipinda cham'mwamba chija, anthu asanu ndi awiri. Ine kutsogolo ndi chithunzi, kuphunzitsa monga mwa masiku onse. Mdala wogulitsa mankhwala, uja amayankhula kamodzi pa chaka, akuti, "Tatikulitsireni tsidya linalo." Ndakulitsa.

Chitsulo chikabenthuka chisanadindidwe, mkombero wa tsidya lina, moyang'anana ndi pobenthukapo, umatuluka wophwatalala, poti makina amasowa potsamira. Zilembo za pafupi zimazimirira pang'onopang'ono, ngati zikutsetserekera m'mpatamo. Sizasi siitero. Imasiya pakuthwa, powala, chitsulo chopindika. Zonsezi ndinawaphunzitsa ndine. Pachithunzipo mkombero uli phwatalala, zilembo zozimirira. Kobiri ndi lenileni.

Palibe waseka. Bola akanaseka.

Lolemba, 10 Juni

Ndaima pa siteji ola lathunthu kudikira kondakitala, shopu yotseka. Akuti amusinthira msewu sabata ino. Nambala yake ndilibe. Zaka zonsezi akundipatsa moni, nambala osamufunsa. Mkazi wanga nditamuuza: "Mwaona, a Ndadziwakale?" Chakudya ndangochigwiragwira.

Lachinayi, 13 Juni

Kondakitala wabwera yekha. Lamba wa wotchi waduka. Potulutsa makiyi, kobiri lili lende pa waya. Bowo pakati penipeni pa chaka. Wowotcherera zitsulo wa kuseri kwa depoti ndiye anamuboolera. Akuti, "Poti munati n'zotaya, ndati lizindisungira makiyi."

Lamba ndamuikira watsopano, ulere. Wathokoza kawiri, kuvula kapu. Wachoka akuti ndine munthu wabwino.

Lachitatu, 19 Juni

Sabata yathunthu osalemba. Ndilembe chiyani?

Mdala wa mankhwala anaima pakhomo dzulo. Akulifuna kobirilo. Mtengo umene anatchula, makina osokera agulika, ulusi pamwamba. Ndinamuuza kuti mwini wake anasamuka. Bodza loyera. Loyamba lija linali kudzikuza, ili ndi mantha basi.

Mtima wina ukuti khala chete, madzi akatayika sawoleka, umupweteke chifukwa chiyani munthu? Koma ndikudzidziwa. Sindikumvera chisoni iye. Ndikuopa kuti pa depoti ponse amva kuti katswiri wa makobiri sayang'ana. Wotchi ya aphunzitsi ndaitsegula kawiri lero, kuiwala chimene ndikufunamo.

Lachisanu, 21 Juni

Ndapita ku depoti. Kondakitala ndamupeza akutsuka matayala. Ndamuuza zonse: mkombero, zilembo, mtengo. Za adokotala a mano ndi manja ake ndamuuzanso. Anafunsa ngati bowo lingatsekeke. Lingatsekeke, koma ogula amaona, pamenepo ndiye latha ntchito.

Sanakalipe. Anangofinya chiguduli mpaka madzi kutha. Kenako: "Mukanangoti simukudziwa, madala. Ndikanalisunga."

Mawu amenewo, "sindikudziwa", zaka makumi atatu pa benchi iyi sindikukumbuka kuti ndinamuuzapo munthu. Ndati ndimuthandize za makina, pang'onopang'ono. Wakana. Akuti sanabwere kudzapempha tsiku lija, anabwera kudzafunsa.

Lachiwiri, 2 Julayi

Basi yake imadutsa pano kanayi pa tsiku. Kale ankamenya chitseko cha basi kundipatsa moni. Tsopano amayang'ana matikiti.

Loweruka, 6 Julayi

M'mawa ndikutsegula, envelopu pansi pa chitseko. Kobiri, waya atachotsa. Kapepala ka tikiti, kuseri walemba ndi bolopeni: "Mukaonetse anzanu aja. Muwauze amene anawononga."

Kalabu ndi 2 koloko. Kobiri lililonse patebulo limakhala ndi kakhadi kake, ndi lamulo lathu, ndinaliyambitsa ndine: cholakwika cha ku fakitale pamwamba, chowononga munthu pansi. Pamwamba ndalemba msanga, kubenthuka, kwenikweni. Pansi ndinayamba kulemba kuti wowotcherera zitsulo. Ndang'amba. Khadi lachiwiri ili apa, mzere wapansi udakali woyera. Dzina langa ndi lalifupi, zilembo zisanu zokha, koma sindinalilembebe.