Sutukesi Munanditumizila Ija

Petauke, 14 Juni 2024

Okondedwa akulu anga a Mildred,

Kalata yanu ndalandila, pamodzi ndi sutukesi. Aka n'kachinayi mukundiuza kuti ndibwele ku Kitwe ndikapumule. Sindibwela.

Paja nditasiya uphunzitsi, sukulu inandipempha kuyang'anila kachipinda ka magalasi. Ndi magalasi ophimba maso onse. Mwana akavala amaona ngati ali pamtsinje kapena m'nkhalango, mawu n'kumamuuza kuti apume pang'onopang'ono mpaka mtima ukhale pansi. Tili nawo asanu ndi amodzi, amodzi anafa. Mwana aliyense amavala mphindi khumi ndi ziwili. Chiyambile Januwale alowa ana 143, ndipo 38 alila.

Chimene anthu obweletsa magalasiwo sanatiuze n'chakuti mwana akaphimbidwa maso amaiwala kuti pali wamkulu pafupi. Ana athu satiyang'ana kumaso, satiuza kanthu, koma m'magalasi amalankhula. Pa 6 Meyi mtsikana wina wa giledi 9 anati, "Kuno n'kwabwino. Botolo lija lidikile." Nditamuvula magalasiwo ndinafunsa kuti botolo liti. Anandiyankha patapita mphindi zinayi. Linali la mankhwala a thonje, analibisa m'nkhokwe ya nshawa atalephela mayeso. Tsiku lomwelo ndinayenda naye makilomita asanu ndi awili mpaka kwawo ku Kalindawalo, ndipo botololo anandipatsa yekha m'manja. Amake akudziwa. Lachitatu lililonse ndimamupelekeza kwa anamwino.

Dzulo anabwela a Kabaso, ahedi athu. Anati, "Amai, komiti ya makolo ikufuna maina a ana olilawo pamsonkhano wa Lolemba. Mukakana, mubweza kiyi."

Ndinati, "Bambo, m'buku langa muli manambala okhaokha. Maina ali m'mutu muno, ndipo mutuwu si wa komiti."

Dzina likangowelengedwa pagulu, madzulo ake lili kale kumjigo, ndipo palibe mwana adzalankhulenso. Lolemba ndikaima pamaso pawo. Akalanda kiyi, ndidzaika mipando iwili pansi pa mango a pageti. Chitenje chomanga kumaso ndili nacho, makutu ndili nawo.

Mukuti ndine wouma mutu. Akulu anga, papita zaka 43 chimwalilile mlongo wathu Lazarous, ndipo mpaka lelo timauza anthu kuti anali malungo. Inu ndi ine tinapeza botolo kuseli kwa khola. Sabata yake yomaliza ndinadya naye maulendo khumi ndi anayi, sindinamufunse kanthu ngakhale kamodzi. Zimenezonso ndinawelenga.

Za sutukesi musadandaule, ili pantchito: ndatsekelamo botolo la mtsikanayu.

Mundipelekele moni kwa alamu ndi kwa adzukulu onse asanu ndi atatu. Muziwafunsa mmene adzukila, mmodzimmodzi, ndipo muzidikila yankho, ngakhale litenge mphindi zinayi.

Ndine mng'ono wanu,
Jennipher