Ndinadula nthochi za apongozi chifukwa cha alendo a sitima

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 26, ndili ndi mwana mmodzi wamkazi amene wangoyamba kukwawa. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndingonena mmene zilili. Ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga Siwema, kuphiri kumtunda kwa Morogoro, ndipo ndimalima zipatso za sitiroberi pakamunda ka mtundu wawo.

Kale zipatsozi zinkaphwanyika m'basi tisanafike ku Dar es Salaam. Chiyambireni sitima yamagetsi kufika kuno, anthu a ku Dar akubwera okha. Loweruka lina kunafika mayi wina ndi ana ake awiri dzuwa lisanatenthe n'komwe, n'kundiuza kuti tiyi wamwera kunyumba kwake. Ulendo umene bambo anga ankanyamulira kamba ndi chofunda. Zimene ndinali nditathyola kale anazikana, akuti, "Iyayi achimwene, tipatseni mabeseni tithyole tokha, tilipira." Kulipira kuti agwire ntchito yanga, Aphungu. Madzulo ananditumizira chithunzi pafoni ali pakhomo pake, zipatso zisanafote.

Ndinatsika kukaiona ndekha sitimayo. Ndinaima kuseri kwa mpanda. Siitulutsa utsi, mumangomva mawaya akulira m'mwamba, potembenuka yapita kale. Kenako ndinabwerera kunyumba.

Tsopano Loweruka lililonse alendo akubwera. Mnzanga Dimoso wasiya kupala matabwa, akumanyamula alendowo panjinga yamoto kuchokera kusiteshoni. Mlamu wanga wayamba kuphika jamu. Kamunda kanachepa, ndiye ndinatenga chikwanje n'kudula nthochi zisanu ndi zitatu za m'mphepete, osafunsa munthu. Sindinkadziwa kuti patsinde pa imodzi ndi pamene malemu apongozi anga anakwirira mchombo wa Siwema.

Amalume ake, a Mkude, amene amayang'anira malo a mtunduwo, anabwera n'kuyang'ana zitsazo nthawi yaitali. Kenako anangoti, "Mkamwini, paja unabwera ndi chikwama chimodzi. Chikadalipo?" Ati ndikayankhe pamaso pa abale Lamlungu likudzali. Siwema akundiphikira koma sakundilankhula. Akandithamangitsa mwana atsala, poti ndi wa mtundu wawo. Ine ndimangofuna mwanayu adzaphunzire kuposa ine. Ndikanene chiyani kumeneko?

H. B., Morogoro

A H. B.,

Sitimayo nanenso ndinakwerapo, ndipo ndinafika ku Dar nyuzipepala ndisanaimalize. Maso anu aona bwino. Mzinda wasendera mpaka patsinde pa phiri lanu, ndipo munthu amene wazindikira kuti alendo akufuna kuthyola okha si wogona. Koma za mchombo zokha ndi zimene simunkadziwa. Zoti munda si wanu munkadziwa.

Yambani ndi Siwema, lero lomwe. Za alendo ndi za sukulu ya mwana zisiyeni kaye. Muuzeni kuti mwadula chimene mayi ake anamusiyira, kenako tsekani pakamwa mpaka amalize zonse zimene zili kukhosi kwake, ngakhale zikhale zowawa. Akalola, mupite naye pachitsapo. Nthochi siifa ndi chikwanje chimodzi, mphukira zituluka. Muzitchingire ndi kuzithirira ndi manja anu omwe anadulawo.

Lamlungu musapite nokha. Tengani nkhoswe yanu ndi tambala wabwino, osati wodwala chitopa. Mawu anu oyamba akhale "ndalakwa", ndipo pambuyo pake pasabwere "koma". Akakunyozani za chikwama, mezani. Mwamuna safa ndi mawu, ndipo mukayankha mwaukali mudzakhala mwawanyamulira nokha katundu wanu. Pamalo munadulapo musabzalepo mbande ngakhale imodzi mpaka a Mkude atalola.

Mlandu ukazizira, aitaneni Loweruka lina, muwaikire mpando pamthunzi, adzionere okha anthu a mumzinda atagwada m'mizere mwanu, n'kuthokozanso. Zimenezo zidzawalankhula kuposa inu. Pempho la malo owonjezera alipereke ndi Siwema, popeza mwini munda ndi iye, ndipo pambuyo pake ndi mwana wanuyo.

Chenjerani ndi ichi. Sitima yomweyo idzabweretsanso ena amene sadzapempha beseni, adzafuna munda wonse, mapepala ali m'manja, ndipo adzayambira kwa inu poona kuti ndinu wofulumira. Musadzalonjeze aliyense ngakhale phazi limodzi la dothi. Akadzangofunsa, alozereni njira ya kwa a Mkude. Tsiku limenelo mudzathokoza kuti pamudzipo pali mkulu wovuta amene amadziwa nthochi iliyonse ndi amene anaibzala.