Chitini cha ababa cha ku Keyala

Lolemba, 6 Sepitembala 1954

Masiku anayi chiwaikire ababa. Chitini chawo cha ku nkhondo, cha ku usilikali wa Keyala, chili ndi ine. Anandipatsa okha asanapite kuchipatala, koma mboni panalibe. Muli zithunzi 43. Zina zamatirirana ndi chinyezi, ndikuzimatula pang'onopang'ono ndi nthenga. Chimodzi chasupuka, mutu wa msilikali watsalira kumsana kwa chinzake. Ndalira ngati ndamupha ndine.

Amayi ati Loweruka n'kumeta, abale a ababa a kwa Mposa abwera kudzagawa katundu. Njinga, jasi, mamendulo, zonse n'zawo, anafe tilibe mawu. Zithunzinso adzagawana ngati mbale, aliyense chimodzi. Iyayi, zimenezo iyayi.

Lachitatu, 8 Sepitembala

Ku Liwonde pa lole ya thonje. A Sadiki, atelala a pakhonde la sitolo, anali gulu limodzi ndi ababa ku nkhondo ya ku Bama. Poyamba kundiseka, ati mwana wa Blasius wasanduka kalaliki wa boma. Atangoona chithunzi choyamba makina anasiya. Uyu anamira powoloka mtsinje. Uyu alipo ku Chikweo, mwendo umodzi. Uyu ankaba shuga wa Mzungu. Ine kulemba maina kumsana ndi pensulo mpaka chala kuwawa. Ababa akuseka pa chithunzi china, mano onse pamtunda. Sindinawaonepo choncho.

Nkhope zisanu ndi zinayi a Sadiki sakuzidziwa, ati anyamata obwera mochedwa. Potsanzikana anati, "Zikabalalika basi, mwanawe. Akazipachika pa utsi, zaka ziwiri wina aliyense wakuda bii, wopanda dzina."

Lachisanu, 10 Sepitembala

Ndachikulunga m'nsalu, ndachikwirira m'nkhokwe pansi pa chimanga. Amayi andiona. Ati katundu wa malemu sabisidwa, wobisayo amatupa. Ndawayankha kuti ine ndinafika Sitandade 6, zimenezo sizindigwira. Komabe mapazi ndawayang'ana kawiri.

Loweruka, 11 Sepitembala

Mutu mpala, kukuzizira. A Hilary, akulu awo a ababa, ndiwo amagawa. Zonse zitatha anafunsa za chitini. Ndinati chiswe chinadya zonse, ndinataya. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti ndibwereze anthu amve. Ndinabwereza. Amayi maso pansi.

Ndimati ndapambana.

Potsuka mbale azakhali a Gladys, alongo awo a ababa, anadzakhala pafupi nane. Iwo pogawa sanatenge kanthu. Ati mwana wawo Lucius anatsatira ababa ku nkhondo mu 1943, sanabwerere. Ababa atabwera anawauza kuti m'chitinimo alimo, koma azakhaliwo mtima unkawakanika kuyang'ana, chaka ndi chaka mawa mawa. Ulendo uno ndiye anabwera atalimba mtima. "Nkhope yake ikundithawa, Clementina. Ndikatsinzina ndimangoona makutu. Basi, chiswe chadya."

Sanalire n'komwe. Anapitiriza kundithandiza kutsuka.

Lamulungu, 12 Sepitembala

Ku Misa sindinapite, ndati mutu. Ndafukula chitini, ndawerenga maina onse kawiri. Lucius palibe. Ndiye kuti ali pa zisanu ndi zinayi zija, ndipo ine sindikumudziwa, ankapita ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikanadziwa bwenzi nditangosolola chimodzi n'kuwaikira m'mtolo mwakachetechete. Koma wodziwa ndi iwo okha, ayenera kuona okha. Ndipo azakhali sabisira a Hilary kanthu.

Ndiye bodza langa poyera, pamaso pa anthu omwe aja. Wakuba katundu wa bambo ake. Zithunzi n'kuzigawa pomwepo, ine ndikuona.

Abale a ababa anyamuka likapendeka dzuwa. A Hilary akumangirira jasi la ababa pa njinga, ndikuwamva akufunsa luzi. Azakhali ali okha kuseri kwa khitchini, mtolo wamangidwa kale.

Maina ndakopera m'buku muno, masamba a kumapeto, ndi chithunzi chilichonse mmene anthu aimira. Zimenezi sangagawe.

Alendo ayamba kutsanzika amayi. Ndanyamula chitini, ndikupita kuseriko