Tsiku Limene a Kenani Anavomera Kuti Viphya Inamira

Lilongwe
9 Okutobala 1956

Okondedwa achemwali Alinesi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa amayi kumudziko ku Nkhotakota. Kodi mwendo wawo uja unaphwa? Ine kuno ndili bwino, kungoti fumbi la m'sitolo mwa a Kantilal landipatsa chifuwa.

Ntchito munandituma ija ndagwira, koma ndilibe chimwemwe. Alamu anu a Kenani avomera kubwera kudzakusudzulani mwezi uno ukatha, kuti a Paxton amene akufuna kukukwatirani aja alowe poyera.

Mukudziwa kuti a Kenani amasoka pakhonde la sitolo yathu yomweyi. Chimene simudziwa n'chakuti pakhondepo nkhani ya sitima ya Viphya, imene mwamuna wanu anakwera, siitha, ngakhale papita zaka khumi chimirireni. Iwo amati sitima yatsopano ngati ija singagubuduzike ndi mphepo. Akuti azungu anayamba atsitsa amuna amphamvu n'kuwatumiza kumigodi, kenaka n'kumiza sitima kuti abale asawafunefune. Akuti munthu wina wochokera ku Joni anamuona mng'ono wawo Lexon, mwamuna wanu, akukankha ngolo. Mukafunsa dzina la munthuyo, lero ndi uyu, mawa ndi wina. Masiku ano a Chitaganya anthu akukhulupirira choipa chilichonse, ndiye odikira zovala zawo amangogwedeza mitu kuvomereza.

Loweruka ndinayamba bwinobwino. Ndinati ife ana a kunyanja mwera timaudziwa, susankha bwato lakale kapena latsopano. Ndinawakumbutsa kuti alipo anthu amene anapulumuka n'kufika kumtunda, ndipo palibe ananenapo za kutsitsa anthu. Iwo anati amenewo anawatseka pakamwa. Ndinafunsa kuti sitima yodula chotero munthu angaimize chifukwa chofuna antchito, chikhalirecho amuna amapita okha ku Joni mochita kulimbirana? Anthu anaseka, ine n'kumva kukoma. Mkamwa mwangamu mumamudziwa.

Pamenepo ndikanaleka. Koma ndinawonjeza kuti ngati Lexon ali moyo, ndiye kuti ndi mtchona wopanda mtima, wosiya mkazi ndi mwana wakhanda zaka zonsezi osatumiza ngakhale moni. Ndinati asankhe okha, mng'ono wawo ndi wakufa kapena ndi woipa.

Achemwali, makina anaima. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Kenaka a Kenani anandiuza motsitsa mawu kuti Lexon ankafuna kupita ku Tanganyika wapansi ndi anzake, koma iwo ndiwo anamukakamiza kukwera sitima, ati mwana wa mayi awo asatupe mapazi. Anzake oyenda pansi aja onse anafika. Anati mng'ono wawo sanali woipa, choncho wamwalira, ndipo abwera kudzakumasulani.

Kuyambira tsikulo makina ndi ovundikira ndi chiguduli. Mayi Pushpa, akazi a abwana, amandifunsa m'mawa uliwonse kuti telala wawo ali kuti, ine ndimangoyang'ana pansi. Dzulo ndinapita kumene a Kenani amakhala kuseri kwa msika. Ndinawapeza ali pamphasa masanasana, osasamba. Sanandikalipire, anandipatsa mpando, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Sindikuti ndinanama. Inu mwavutika kokwanira, ndipo mwana wanu Asiatu akufunika bambo pakhomo. Koma ine ndinkayesa kuti ndikulimbana ndi bodza la pamsika, osadziwa kuti ndi mzati umene munthu watsamira zaka zonsezi. Ndikanawatengera pambali awiriwiri, ndikanalankhula ngati mbale. Madzi akatayika saoleka.

Pempho langa ndi limodzi. A Kenani akafika, a Paxton asaonekere pakhomopo, ndipo nthungululu muzisunge kaye. Yalani mphasa, itanani anansi, amayi alire maliro monga mwa mwambo, inunso mulire nawo ngakhale misozi yanu inauma kale. Kwa inu Lexon anamwalira kalekale. Kwa mkulu wake wamwalira Loweruka lapitali pakhonde la sitolo, ndipo uthenga wa malirowo ndinaupereka ndine, anthu akuseka.

Mupereke moni kwa amayi, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa mphwanga Asiatu. Mumuuze kuti diresi lija abambo ake aakulu analidula kale, koma silinasokedwe.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Redson