Tebulo Limodzi, Osita Awiri

Lolemba, 3 Malichi

Msonkhano m'chipinda choyanikira, chiimirire pakati pa mabulangete onyowa. Bwana wamng'ono, mwana wa mwini malo, tayi mpaka pamchombo. Akuti malo athu ochapira zovala aphatikizana ndi a tsidya la msewu aja. Dzina lake akuti intigireshoni. Amawatchula mawuwo ngati akumung'unya switi. Akuti tsopano ndife banja limodzi. Banja lanji, tebulo lositira limodzi, osita awiri? Atiyang'ana kagwiridwe ka ntchito, mmodzi atsale. Pa msinkhu uno angandilembe ndani kwina?

Lachitatu, 5 Malichi

Wosita wawo wafika. Chipewa chosavula, ndiye dzina tam'patsa lomwelo. Amasita akuimba mluzu. Kolala amamalizira, pomwe aliyense wa mutu wabwino amayambira. Mkono wa shati amausiya ndi mzere ngati thalauza. Wandiitana kuti achimwene. Ubale wake uti?

Ndafunsa mwana wanga wamkazi za mawu a bwana aja. Akuti ku masamu aliko: umadula chinthu tizidutswatizidutswa n'kuwonkhetsa. Kudula kuti uphatikizenso, sukulu yake imeneyo. Mlamu wanga uja anatuluka kundende akuti nayenso anam'chita zomwezo, kum'bwezera pakati pa anthu. Mpaka lero palibe amam'bwereka ngakhale wilibala. Wokonza makompyuta akuti ndi pamene makina awiri ayamba kumvana. Mawu amodzi, aliyense akudyerapo. Kwa ife akutanthauza kuti wina apita kunyumba.

Lachiwiri, 11 Malichi

Simbi yathu yaikulu ija imanama. Ukaitchera pa nsalu zopyapyala imatentha ngati waitchera pa jinzi. Akale tonse timadziwa: umabweza pang'ono, n'kuyesa kaye pa kansanza. Chipewa sakudziwa. Sanafunse. Wodziwa zonse afunsirenji? Ine pakamwa ndatseka. Sanandilembe uphunzitsi.

Pa tiyi wandinyemera buledi wake. Wouma.

Lachisanu, 14 Malichi

Diresi la ukwati wa mawa. Chipewa polisita, simbi yadinda pachifuwa penipeni, mphuno yake yonse kuoneka. Fungo mpaka ku kauntala. Mayi wa mkwatibwi anakhala pansi pakhomo, nsapato atavula, akungoyang'ana diresilo. Bola akanatukwana.

Chipewa anavula chipewa. Kumutu dazi, ndi wamkulu kuposa ine. Anayang'ana simbi, kenako ine. "Imatero masiku onse, achimwene?" Ndinati sindikudziwa. Ndinaweramira m'dengu la matawulo, n'kuyamba kupinda.

Munthu wa ntchito amayesa kaye. Ngakhale mwana amadziwa.

Lachinayi, 20 Malichi

Chipewa wapita. Ine ndatsala. Bwana wandigwira dzanja, akuti ndine mzati wa banja latsopanoli. Dzanja lofewa, silinagwirepo simbi.

Mayi a kunyumba akuti bwanji simukudya pomwe mwapambana. Mchere unachuluka, basi.

Lolemba, 24 Malichi

Lole m'mawa. Atsitsa chimakina chositira ndi nthunzi chochokera tsidya lija. Kukula ngati bedi, mapaipi, mabatani opanda mawu, chopondera pansi. Tebulo langa ndi simbi akweza pa lole yomweyo, akuti n'zachikale. Bwana akuti gawo lomaliza la intigireshoni ndi limeneli, mawa ndiyambe ndi mashati a kuhotela.

Ndinafunsa kuti ankachiyendetsa ndani. Mayi wochapa wa kwawoko anandiyang'ana, n'kuseka mpaka kutsokomola. Akuti mmodzi yekha, wa chipewa uja. Ena onse ankachiopa.

Ndaponda kamodzi anthu atatuluka. Chinafwenthera nthunzi, chala chatupa, cholembera ndikugwira movutika. Bwana akaona mawa kuti sinditha, ndiye kuti chiyani?

Akuti Chipewa amakhala kuseri kwa sitolo ya matayala, geti lobiriwira. Ndilawirira kumeneko ndisanalowe ntchito. Ndikangofunsa za mabatani basi, mwaulemu, sindikapepesa kanthu. Koma akayamba ndi iye kufunsa za simbi ija, ndiye ndikamuyankha chiyani?