Dolo wa ku Pulong Tubo

Lamlungu, 4 Meyi

Tawina, 4 kwa 3. Chikho cha besibolo cha chigawo chonse chalowa mu Pulong Tubo pa jipuni, kabasi ka a Berting, chitakhazikidwa pampando wakutsogolo, anyamata ali padenga. Wotsirizawo waumenya ndi Renren, mpira mpaka m'munda wa nzimbe. Sunapezeke.

Mawu andithera nkukuwa. Kugolosale ayisi ndagulitsa yense, ndi wosungira nsomba yemwe.

A Tatay, bambo anga, sanakuwe. Angoti, “Woponya wathuyu chigongono chikumagwa.” Koma ndawaona akupukuta m'maso ndi chipewa. Pambali pawo a Ninong Selmo, amene anandiimira pa ubatizo. Awiriwa ndi khethekhethe kuyambira ndisanabadwe: a Tatay kuponya, a Ninong kuwakha atanyonyomala kumbuyo kwa womenya. Chikho chomaliza kubwera kuno anachibweretsa ndi iwowa, tsitsi lidakali lakuda.

A Ninong anyamuka Lamlungu likubwerali. Mwana wawo Myrna akukawasunga ku Canada. Zobwerako palibe akuzitchula.

Lolemba, 5 Meyi

Phwando pabwalo. Nkhumba ziwiri zootcha, pansit, supageti ya kuno, m'mabeseni, makina oimbira. Mwamuna wanga Carding waimba nyimbo imodzimodzi mpaka agalu kuchoka. Palibe wamuletsa poti makinawo anakabwereka ndiye.

Zasokonekera dzuwa litapendeka, kachasu wa kokonati atayamba kuyankhula. A Kap Nenita, mkulu wa dera lathu, atenga maikolofoni nkuti nzochititsa manyazi kuti akatswiri a chigawo azisewera pabwalo lopanda dzina. Lipatsidwe dzina la dolo woposa onse m'mbiri ya mudzi uno. Ndani? Basi ngati amwaza chimanga pakati pa nkhuku. Ena malemu Kulas, amene anaswa zenera la tchalitchi ndi mpira kuchokera pabwalo pomwe. Achinyamata Renren. Wina wakuwa kuti Renren ayambe wamera ndevu. Koma ambiri, kunena mosapsatira, a Tatay.

Ndiye a Kap apereka maikolofoni kwa a Tatay. Ndi mwana yemwe amadziwa mmene zimayendera: sudzinyamulira wekha benchi lomwe wakhalira. Umatchula mnzako, mnzakoyo nkukana, nkukubwezera, anthu m'manja phuphuphu, nkhani yatha. A Tatay aimirira, akonza kolala.

“Ine ndinali chiyani? Dzanja chabe. Mutu unali uwu. Woposa tonsefe ndi mnzangayu, Pareng Selmo.”

Maikolofoni kwa a Ninong. Ayamba atafuna khungu la nkhumba mpaka kumeza.

“Zoona.”

Nkubweza maikolofoni.

Anthu adikira. A Tatay adikira, akumwetulira, dzanja lili kale m'mwamba kukonzekera kukana ulemu. A Ninong atola khungu lina.

A Kap ati poti akuluakulu awiri agwirizana, iwo ndani kuti atsutse. Carding wayambanso nyimbo ija.

Lachiwiri, 6 Meyi

A Tatay anyanyala.

Khofi wam'mawa pabenchi la kugolosale, amene amamwa ndi a Ninong tsiku ndi tsiku, lero ayi. A Ninong afika, akhala, amwa makapu onse awiri, apita.

Ndawafunsa a T. ngati akudwala. “Ndili bwinobwino.” Nanga mpunga ndipakule? “Kawapatse madolo.”

Lachitatu, 7 Meyi

Pawindo la golosale sipakukambidwa china. Munthu akubwera kudzagula kapaketi ka sopo, nkuimapo mpaka mthunzi kusuntha.

A Berting, potchula a Tatay ndi dzina lawo: “Popanda mpira wokhota wa Doroy, Selmo akanawakha chiyani? Mphepo?”

Aling Cora, wogulitsa nsomba zouma: “Inu mumangodziwa hutala. Amene amasankha mpira woti uponyedwe ndi wowakha, ndi zala, pakati pa miyendo. Woponya amangomvera ngati mwamuna wabwino.”

A Berting ati Doroy ankapukusa mutu kukana. Aling Cora ati eya, ndipo nthawi iliyonse akakana, mpira unkakafunidwa kunzimbe. Ndawapempha atsitse mawu, chipinda cha a T. chili kuseri kwa shelefu ya zitini za nsomba.

Kuseri kwa zitini kwamveka mawu: “Osati nthawi iliyonse.”

Ena akuti a Ninong makutu anayamba kutha, ankayesa akufunsidwa ngati nkhumba yapsa bwino. Ndathamangira nazo kwa a T. ngati ndapeza mankhwala. Ati, “Selmo amamva botolo likutsegulidwa kutsidya kwa mtsinje.”

Pa chakudya Carding wati iye nkhaniyi sakulowererapo, ngakhale zikumudabwitsa kuti anthu aiwala tsiku lija anamenya kawiri pamasewera amodzi. Ndamuuza kuti sanaiwale, sanaone.

Lachinayi, 8 Meyi

Wopenta chikwangwani cha pabwalo wabwera ndi makwerero. Mwa anthu onse wasankha ine kundifunsa kalembedwe ka Dimaculangan, dzina lachiwiri la a Ninong.

Lachisanu, 9 Meyi

Ndatseka golosale masana nkupita kwa a Ninong. Ndawapeza akuyesa chijasi chimene Myrna anatumiza, kunja kukutentha chonchi, thukuta kamukamu. Ndaika dzanja lawo pamphumi panga mwa ulemu wa kwathu kuno, ndakhala pa katoni.

“Ninong, mungopita mukawauze kuti munkaseka.”

“Sindinkaseka, Ising.”

“Ndiye mukati simunamve bwino.”

“Ndinamva.”

“Mukuwadziwa anzanu. Sangayambe iwo.”

“Ndikumudziwa kuposa iwe. Ndakhala ndikuyang'ana nkhope imeneyo moyo wanga wonse, iye akuyang'ana zala zanga.” Avula chijasi, achipinda. “Akudya?”

“Ndikayang'ana kumbali.”

“Ndiye safa.”

Amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Awa onse awiri m'mimba mukuwapota, koma aliyense wakhalira kiyi.

Ndikuopa, ndilembe poti pano palibe ondiseka. Chimwalirireni a Nanay, mayi anga, munthu amene amatha kuwatulutsa a T. m'nyumba ndi a Ninong okha. Akapita asanayankhulane, bambo anga ndikuwadziwa. Sadzaimba foni, sadzafunsa. Adzangokhala kuseri kwa zitini kudikira kupepesedwa ndi munthu amene ali mbali ina ya dziko, ndipo onse awiri ndi a mapilitsi m'thumba. Tsiku lina Myrna adzaimba, kapena ndidzaimba ndine, zidzakhala zitatha choncho.

Ndalira pang'ono ndikusenda adyo. Carding wati adyo saliritsa. Ndamupatsa mpeni asende yekha.

Loweruka, 10 Meyi

Avundukula chikwangwani, kenako phwando lotsanzikana kwa a Ninong. Wopenta malo anamuthera, zilembo zomaliza zapanikizana ngati anthu mu jipuni ya tsiku la msika. A Kap ayankhula nthawi yaitali za iwo eni. Renren wapereka mpira wosainidwa ndi timu yonse. A Ninong angoti zikomo, maso ali kumsewu wochokera kwathu.

A T. sanapite. Ati bondo. Bondo lomwelo lawalola kukwera padenga kukakonza lata limene silidontha, pamalo pamene bwalo limaonekera bwino.

Ndabwera ndi mbale, a Ninong anapakula okha. A T. ati alibe njala, nkuidya yonse ataimirira kukhitchini.

“Zilembozo nzazikulu bwanji?”

“Zapakatikati, Tay.”

“Mtundu?”

“Zofiira.”

“Zimasuluka msanga zimenezo.”

Lamlungu, 11 Meyi

Galimoto yopita kubwalo la ndege imayenera kudutsa pakhomo pathu, njira ina kulibe. Tabwerako ku Misa, a T. atenga tsache nkuyamba kusesa pageti pamene ndinasesa kale m'mawa. Avala malaya a kolala. Ine pawindo la golosale, kupukuta botolo limodzi lomwelo.

Galimoto yafika, yadutsa pang'ono, yaima. Galasi latsika, a Ninong asuzumira. Tsache silinaime.

“Pare.”

“Fumbi likulowa m'galimoto, tseka.”

“Pare, ndinadziwa kuti unkafuna ndikubwezere.”

Tsache laima.

“Nanga?”

“Nanga chiyani? Zithunzi zonse za chikho chija iwe uli m'mwamba, anthu atakunyamula. Ine ndili pansi, nkhope m'chigoba chachitsulo cha wowakha, ndi Myrna yemwe sandizindikira. Mawondo anga anatsala pabwalo paja. Palibe ananenapo, mpaka Lolemba. Wanena iwe, pamaso pa anthu, pa maikolofoni. Ndimati ndikane, pakamwa pakana.” Akhosomola. “Kumene ndikupitaku palibe akudziwa kuti ndinagwirapo mpira. Ndalongedza kale mawu akowo, ali pansi pa chijasi. Sindimasulanso sutikesi.”

A T. ayang'ana tsache. Ine botolo ndasiya.

“Sindinaname,” atero, motsitsa, ngati akuuza tsachelo. “Kungoti sunayenere kuvomera msanga choncho. Ukanayamba wameza bwino.”

“Ndinameza.”

“Tenga, pita nalo bwalo lakolo.” Ayandikira, alowetsa dzanja pawindo, agwira a Ninong kumbuyo kwa khosi. Akhala choncho. Dalaivala wayang'ana kutsogolo, munthu waulemu. Kenako a T. abweza dzanja nkulipukuta pamalaya. “Koma wachiwiri ndine.”

“Wachitatu,” atero a Ninong. “Tiye, dalaivala.”

Galasi lakwera. Galimoto yapita.

A T. atsala pakati pa msewu ndi tsache. “Wachitatu? Selmo! Wachiwiri ndani?” Bondo lija lawathamangitsa mpaka pa mtengo wa mango wa Aling Cora.

Lolemba, 12 Meyi

Adya mpunga kawiri, atakhala pansi. Tsiku lonse pabenchi, aliyense wobwera kudzagula akufunsidwa. A Berting ati mwina Kulas. A T. ati Kulas sankatha kuwakha ngakhale papaya. Aling Cora ati mwina Renren, a T. awauza akagule kwina. Carding watsegula pakamwa, ndamuyang'ana, watseka.

Lachiwiri, 13 Meyi

Masana ndikupanga masamu a ayisi, a T. aima pakhomo la golosale, chipewa m'manja. Foni saikhudza chiyambire, amati ndi ya anthu opanda miyendo.

“Ising, kachinthu kako kaja kamafika ku Canada?”

“Kamafika, Tay.”

“Nkhope nkuoneka?”

“Imaoneka.”

“Kumeneko pano ndi nthawi yanji?”

“Pakati pa usiku. Angofika kumene, atopa, akugona.”

Akokera mpando pafupi, akhala, akonza kolala.

“Adzuka. Imba.”