Ketulo Yamkuwa ya ku Nathenje

Lachiwiri, 1 Epulo

Zoyenera kulongosoka Loweruka lisanafike:

1. Maluwa akuseri kwa nyumba. Kuwauza a Esau oyandikana nawo kuti asatchetche ndiponso amange mbuzi. Kuwauza kawiri.
2. Mphasa ziwiri zosang'ambika.
3. Foni yodzaza moto, bandulo yokwanira. Netiweki imagwira bwino pafupi ndi thanki yamadzi, ndayesa katatu.
4. Tiyi wobiriwira amene anatumiza Mayi Hoshino. Shuga ayi.
5. Ketulo. Nkhani yaikulu ndi imeneyi.

Zaka zisanu ndi zinayi zapita chibwerere ku Japan, kumene ndinakaphunzira ulimi wa ndiwo zamasamba miyezi itatu. Ndinkagona kwa a Hoshino. Mwezi ngati uno mitengo yawo ya matcheri inachita maluwa, mudzi wonse n'kukayala pansi pake, kumwa tiyi, maso m'mwamba. Ine ndinafunsa kuti kodi tikudikira ndani. Anaseka mpaka misozi.

Bambo Hoshino anamwalira chaka chatha. Loweruka lino mayi aja akakhala pansi pa mtengo okha. Ndinawalonjeza kuti nafenso kuno ku Mitundu tiyala nthawi yomweyo, tionane pa foni. Kuno 8 koloko m'mawa, kwawo 3 koloko masana. Matcheri tilibe, koma kosimosi uja amangomera yekha m'mbali mwa misewu ndamusunga kuseri kuyambira Januwale. Maluwa ake achita pinki kuseri konse. A Esau akuti mlangizi wa zaulimi wayamba kulima tchire.

M'kabati mwanga muli zinthu zakale khumi ndi zitatu: sikelo ya ku India, mbale za ku China, kabokosi kamtengo, zonse ndi khadi lake. Mkazi wanga Esitere amati ndi dzala la m'nyumba. Koma cha ku Japan chenicheni mulibe. Chenichenicho ndi ketulo ija, ili ku Nathenje, m'sitolo ya a Abdulla, pa shelefu yapamwamba, ndipo amasungiramo mabawuti. Ndapempha katatu kuti andigulitse. Katatu akana. Mawa ndikangobwereka.

Lachitatu, 2 Epulo

Ndabwera nayo!

Nditangoimika njinga yamoto, a Abdulla anayamba: "Alangizi, mwabweranso kudzafunsira mbeta ija?" Ndinati lero sindikufunsira, ndikungopempha indiperekeze masiku asanu. Ndinawafotokozera za Mayi Hoshino. Kenaka anakwera pa mpando, kuitsitsa, mabawuti onse khuthu pa kauntala.

Akuti inasiyidwa ndi Mjapani wina wokonza magalimoto amene ankachita lendi kuseri kwa sitolo iwo ali mwana. "Ndi ya malemu bambo anga iyi. Lolemba ibwere momwe yachokera. Ikasintha, ine ndi inu tasiyana." Ananena akumwetulira, koma maso sanamwetulire. Ndinalonjeza, dzanja pachifuwa.

Kuseri kwa nsalu yotchinga kunamveka mawu a mayi awo okalamba, a Fadila: "Ikupita kuti imeneyo?" A Abdulla: "Ikukaona maluwa, amayi."

Ndi yamkuwa, yosulidwa ndi nyundo, timaenje ting'onoting'ono thupi lonse. Ndipo ndi yakuda bii, kuda kwa zaka makumi asanu. Kuda kumeneku ndiye ulemerero wake. Bambo Hoshino anali nayo ina yotere, ankangoipukuta ndi kansalu kouma, amati mtundu umenewu sugulidwa, umadikiridwa. Ndinaikulunga m'jekete, m'katoni, ndipo njira yonse ndayenda ngati ndanyamula mazira. Wakabaza wina anandipitirira n'kundifunsa ngati mafuta atha.

Lachinayi, 3 Epulo

Kutalika masentimita 19 kuphatikiza chogwirira. Sikudontha. Khadi nambala 14 ndalemba ndi pensulo poti si yanga.

Ndatsuka m'kati mokha ndi madzi owira, katatu, fungo la mabawuti latha. Esitere anaima pakhomo akuyang'ana. "Bambo a Mayeso, alendo mukawapatsa tiyi wa m'chimenecho?" Ndinati inde, n'kupitiriza kuyesa netiweki. Ndaivundikira pa tebulo la kukhitchini kuti iume.

A Esau ndawauza kachiwiri. Mphasa zapezeka. Mitambo kumbali ya Dzalanyama sikundisangalatsa.

Lachisanu, 4 Epulo

Ndatha ine.

Ndilembe bwinobwino, mwina mtima ukhala pansi. Ndabwera kuchokera kwa alimi cha m'ma 3 koloko. Ndikulowa pa geti ndinaona chinthu chikuthwanima pa thandala pakati pa mbale, chofiira ngati dzuwa lolowa. Ndinaganiza kuti Esitere wagula poto watsopano. Kenaka ndinaona chogwirira.

Waikwecha. Phulusa ndi mandimu, maola awiri athunthu. Manja ake ofiira, nkhope yosangalala. "Mukanachita manyazi mawa. Mayi a kunja aone chiphika chakuda, aziti kunyumba kuno kulibe mkazi?"

Ndinati mwafafaniza zaka makumi asanu. Iye anati litsiro la zaka makumi asanu. Ndinakweza mawu, zimene sindichita. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "A Esau mwawauza za mbuzi kawiri. Ine za ketulo munandiuza kangati?" N'kulowa m'nyumba.

Sindinamuuze. Ndayang'ana pa mndandanda wa Lachiwiri, palibe. Ndinalemba za shuga, ndinalemba za mphasa. Ndakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndikudziwa kuti ngakhale poto wobwereka samubweza asanawale. Ndinaiwala bwanji?

Ndinaganiza zoifukiza pa utsi wa zitsononkho kuti ide. Ndinafika poyatsa moto. Koma mwaye si kuda kuja, umachoka ndi chala, ndipo a Abdulla si mwana. Kuphwanya lonjezo n'kuwonjezerapo bodza? Ndinazimitsa. Nambala yawo ndaitsegula kanayi, osaimba. Nkhani yotere siyapafoni.

Ndapepesa chifukwa chokalipa. Wati wamva.

Loweruka, 5 Epulo

Mvula sinagwe. Mbuzi zinali zomanga. Zatheka!

Tinayala 7 koloko, mame akadali pa maluwa. Anabwera a Esau ndi akazi awo a Lydia, ndi Lovemore wa ku ofesi. Nsapato tonse tinavula, pamenepo sipanafunike kuphunzitsa munthu. Esitere anaphika mondokwa ndi mtedza, akuti alendo sangakhute maluwa. Ketulo ndinafuna kuibisa kuseri kwa basiketi. Iye anaitenga n'kuiika pakati penipeni pa mphasa.

8 koloko ndendende foni inalira. Mayi Hoshino, atavala juzi, pansi pa mtengo uja ndimaudziwa, woyera mbuu, timaluwa tikuyoyokera pa tsitsi lawo. Pambali pawo anaimika chithunzi cha bambo. Ndinatembenuza foni kuwaonetsa kosimosi wathu akugwedezeka ndi mphepo. Anawerama. Ife tonse tinawerama, a Esau mpaka chipewa kugwera m'mtedza. A Lydia anawapepesa maliro m'Chichewa, mwakachetechete, manja pamodzi, monga timachitira. Ndinayamba kumasulira koma mayi aja anagwedeza mutu kuti amva kale.

Tiyi. A Esau atalawa anati, "Alangizi, awa ndi madzi a chisoso." Ndinawaona akutulutsa kapepala ka shuga m'thumba la malaya, ndinayang'ana kumbali. Lovemore anamwa makapu atatu, akuti akumva ngati munthu wophunzira.

Kenaka Mayi Hoshino anati ndiwaonetse ketulo. Ndinaiyandikiza. Apa m'pamene ndinaona chimene dzulo mkwiyo unandibisira: pa chivundikiro pali timaluwa tozokota, tisanu, tamatcheri. M'kuda muja sitinkaoneka n'komwe. Mayi aja anayandikira, anagwira pakamwa, anayamba kunena kanthu, chithunzi n'kuuma pomwepo. Netiweki. Ndinathamangira ku thanki, ndinaimba kasanu ndi kawiri. Zii.

Sindikudziwa ngati anagwira pakamwa chifukwa cha kukongola kapena chifukwa cha chisoni.

Nditabwerera ndinapeza onse ali chete, akungoyang'ana maluwa. Popanda wowauza. Njuchi zokha. Tinakhala choncho mwina mphindi khumi. Potsiriza a Esau anati, "Tchire limeneli ndi lokongoladi. Koma mbuzi zanga zisamve." Chaka chamawa akuti abweretsa mphasa yawo.

Lonjezo limodzi ndasunga. Latsala linalo.

Lamulungu, 6 Epulo

Ulaliki sindinaumve, ndimakonza mawu a mawa. Ndalemba njira zitatu zoyambira, zonse zoipa. Esitere wati, "Ndipita nanu. Wokwecha ndine." Ndakana. Wati sakupempha.

Lolemba, 7 Epulo

Tinafika ku Nathenje cha m'ma 9. Esitere anainyamula pamiyendo, yokulunga m'chitenje chake chatsopano. M'sitolo munali munthu mmodzi wogula loko, tinadikira atuluke. Mawu onse ndinakonza aja anathawa. Ndinangoti, "A Abdulla, ndakulakwirani," n'kuvundukula.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Sanaigwire. "Iyi si ketulo ya bambo anga." Kenaka: "Ndinati chiyani, Alangizi?" Ndinati munati ikasintha tasiyana. Anati ndiye mwamva nokha. Anayamba kupukuta kauntala pamene panalibe fumbi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikumwa sobo pa benchi yawo.

Nsalu ija inasuntha. A Fadila anatuluka ndi ndodo, aang'ono thupi, mpango woyera. Maso awo saona bwino tsopano. "Bweretsani kuno." Anapita nayo pakhomo pamene pali kuwala, kuisisita, kuinunkhiza, chala chikuyenda pa chivundikiro.

"Wakwecha ndani?"

Esitere anagwada. "Ndine, amayi. Sindimadziwa."

"Ndi chiyani?"

"Phulusa ndi mandimu."

"Mchenga?"

"Pang'ono, kunsi kokha."

"Kunsi kokha. Eya." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe Abdulla, ya bambo ako kuyambira liti? Bambo ako anaitsukapo tsiku liti?"

A Abdulla anati amayi, pali alendo. A Fadila anati alendowo amve. Akuti Mjapani uja ankapita ku galaja m'mamawa, iwo akadali mayi wachitsikana, akusesa m'chipinda chake anapeza chiketulo chakuda. Anamumvera chisoni, mwamuna wopanda womusamala. Anakwecha tsiku lonse. Pobwera munthu uja anagwira mutu ndi manja onse, kukhala pansi pakhonde mpaka dzuwa kulowa.

"Ngati awa," anatero Esitere, akundiloza ine. Akadali chogwada.

A Fadila anaseka mpaka kutsokomola. Akuti pochoka Mjapaniyo anawapatsa m'manja, amvekere mwaigonjetsa, ndi yanu. Anaikwecha Lachinayi lililonse mpaka manja anayamba kuwawa, ndipo atadwala ana anaikweza pa shelefu. "Ndimati timaluwa tanga ndidzafa osatikhudzanso. Mwaikamo mabawuti! Mwana wanga, dzuka." Anaiika m'manja mwa Esitere. "Ketulo ndi ya woitsuka. Pita nayo. Awa amuna aziyang'ana chabe."

Ndinayang'ana a Abdulla. Anakanda ndevu, anayang'ana mayi awo, anayang'ana mabawuti amene akhala m'pepala chichokere Lachitatu. "Alangizi, inu katatu konse ndinakukanizani, akazi anu sanapemphe n'komwe." Anatulutsa mabotolo anayi mu fuliji. "Khalani pa benchi. Koma mundipezere chitini cha mabawutiwa."

Pobwerera ndinaimba nyimbo pa njinga. Ine! Esitere anandigogoda pamsana kuti ndiziyang'ana msewu.

Ili m'nyumba mwanga. Ketulo yamkuwa ya ku Japan, yosulidwa ndi manja, ili m'nyumba mwanga ku Mitundu. M'kabati wakana, akuti si ya pa dzala, ikhala kukhitchini, ndikaifuna ndizipempha. Khadi 14 wandilola kulemba ndi inki. Mwini: Esitere.

Koma tisananyamuke ku Nathenje ndinamuona akugula mulu wa mandimu. Ndafunsa, wati a Fadila anati sabata iliyonse. Ndayesa timaluwa tija ndi chikhadabo. N'tosazama. Ndanena, wati za ketulo amvera mayi mnzake, osati ine. Ndiye ndatumiza zithunzi zinayi ndi uthenga uwu, ndaukopera pano:

"Mayi Hoshino, ketulo munaiona ija tsopano ndi ya mkazi wanga. Loweruka munayamba kunena kanthu foni isanaduke, kanali chiyani? Kunsi kwatuluka zilembo ziwiri, zikuti chiyani? Ndipo ikamakwechedwa sabata iliyonse, timaluwati tikhala zaka zingati? Chimene munene inu achita. Chonde yankhani msanga, Lachinayi lili pafupi ndipo mandimu agula kale."